Kaphaniphani Pakati pa Nyali Mazana Asanu

Ku Osaka, m'holo ina ya zisudzo, kunali kutatsala maola awiri kuti mayi Shiraki, nkhalamba imene inalemba kabuku ka ana konena za kaphaniphani dzina lake Aki, abwere ndi ana mazana awiri a sukulu ya mkaka kudzaonera sewero loimba limene a Tsurumi anapanga kuchokera m'kabukuko. Akakondwa adinda chidindo chawo papepala sewero lipitirire, akapanda kukondwa ntchito ya zaka ziwiri ithera pomwepo. Ndiye tangoganizani mmene mtima wa a Tsurumi unadumphira atapeza chinthu chakuda bii kuyambira kumutu mpaka kuphazi chitanyonyomala pakati penipeni pa siteji yawo yonyezimira, chitagwira kansungwi.

"A Nogami!"

Zii.

"A Nogami, ndikulankhula ndi inu!"

Chinthu chija chinakweza kansalu kakumaso pang'onopang'ono. Kunatuluka nkhope ya bambo wokalamba, yodekha ngati ya munthu amene wangomwa tiyi. Analidi a Nogami, kuroko wa zaka makumi anayi pantchito, mmodzi wa aja ovala zakuda amene amabweretsa mipando ndi kuulutsa agulugufe pa siteji sewero lili m'kati, aliyense n'kumachita ngati sakuwaona. Mwambo wake ndi umenewo: wavala zakuda, waphimba kumaso, ndiye kuti palibepo.

"Mwaswera bwanji, Aphunzitsi. Mwandiitana?" Kumeneko wotsogolera sewero amamutchula choncho.

"Kawiri konse!"

"Pepani. Panalibe munthu."

"Panalibe munthu bwanji, inu muli pompo?"

"Kansalu kanali kotsitsa."

A Tsurumi anapuma mwakuya. Mayi ameneyu anali wodziwika ndi makani. Akanena kuti pa siteji pagwe mvula, amisiri ankaboola denga.

"Dzulo ndinakuuzani chiyani?"

"Munati simukufuna kundiona pa siteji lero."

"Eya! Ndiye?"

"Ndiye ndavala zakuda."

"Koma ndikukuonani!"

"Iii, Aphunzitsi." A Nogami anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Musanenetse. Anthu angati simunaleredwe bwino."

"Ndimati ntchito yanu m'sewero lino yatha! Aki sauluka pakansungwi ayi. Tabweretsa kandege ka batire, kali ndi nyali yake kumbuyo, kamauluka kokha."

"Kokha?"

"Kokha."

"Ngakhale wanga amauluka yekha."

"Wanu mumamunyamula ndinu!"

"Alipo anandionapo?"

"Tamverani, bambo. Lero kukubwera ana a zaka zisanu. Amenewo alibe mwambo. Akangokuonani ayamba kukuwa, 'Kuli agogo uko! Kuli agogo!' Mayi Shiraki n'kutseka chikwama chawo, chidindo chili m'kati."

"Mwana sanandikuwirepo."

"Chifukwa munazolowera kusewerera nkhalamba zosinza!"

"Zina sizisinza. Zimangotseka maso."

A Nogami anakoka kachikwama kawo n'kuyamba kutulutsa zovala, akuziyala pansi mwaulemu.

"Koma pali chinthu chimene chandisowetsa tulo, Aphunzitsi. Kumbuyo kukakhala mdima, ndimavala chakuda ichi. Kukakhala chipale, choyera ichi. Kukakhala nyanja, chabuluu ichi. Tsono khoma lanu lija..."

Analoza kumbuyo. Khoma lonse linali lagalasi la magetsi, ndipo panthawiyo linali kusintha kuchoka pofiira kupita pobiriwira, n'kudutsa pamtundu wina umene ngakhale ine sindidziwa dzina lake.

"Ndaliwerengera. Limasintha kasanu ndi kawiri munthu asanamalize kuyetsemula. Ine kusintha zovala kumanditengera mphindi zinayi."

"Simusintha zovala zilizonse!"

"Ndivale zonse pakamodzi?"

"Musavale kanthu!"

A Nogami anaganiza kaye.

"Pamenepo ndiye ana akuwadi."

"Mayo ine! Ndikuti mukhale kunja kwa siteji! Taimirirani muone chimene ndapanga, mwina mumvetsa."

Anawagwira mkono n'kuyamba kuwayendetsa. Apa nkhope ya a Tsurumi inawala, poti ndithu chinthuchi ankachikonda ngati mwana wobala okha.

"Mathithi awo. Madzi enieni, osati nsalu. Mwezi uwo, kukula kwake ngati basi, umatsika kuchokera kudenga. Achule ovina makumi anayi, onse zovala zagolide. Nyali mazana asanu. Mazana asanu, a Nogami! Ana akalowa muno akakamira pakhomo, safuna kubwerera kwawo."

"N'zokongola."

"Mwaonatu."

"Zili patsamba liti?"

"Chiyani?"

"Mathithiwa. Bukuli ndili nalo." Analitulutsa pachifuwa, kabuku kopyapyala kothaitha m'makona. "Masamba khumi ndi awiri. Khumi ndi akuda bii, pali kadontho kamodzi kachikasu. Chule alimo mmodzi, ndipo akugona."

"Buku ndi mbewu chabe. Ine ndameretsa mtengo!"

"Mtengo uli patsamba lachitatu. Umenewo ndiye sindikuuona."

"Anthu sachoka kwawo kudzaonera mdima! Mdima ali nawo kunyumba, akangothimitsa magetsi!"

"N'zoona," anavomera a Nogami. "Nanga Akiyo ali kuti?"

"Akuuluka panopa. Anyamata akumuyesa."

"Kuti?"

"Pamwamba panupo!"

A Nogami anakweza mutu. Anaphimba maso ndi dzanja. Anazungulira kamodzi, kawiri. Kumwamba kunkamveka kulira ngati kwa udzudzu wonenepa, koma pakati pa nyali zonsezo, ngwee ngati masana a chilimwe, panalibe choti n'kuona.

"Uyo! Pafupi ndi mwezi!"

"Ndikuona mwezi."

"Kumanzere kwake!"

"Ndikuona kumanzere."

Kenako nkhalamba ija inaimika miyendo pamodzi n'kuweramira mlengalenga, kuwerama kwenikweni, kuja kochitira munthu wamkulu.

"Mukutani tsopano?"

"Ndikupereka ulemu kwa mnzanga wantchito. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuphunzira kusaoneka, koma apa sindinafikepo. Anamuphunzitsa ndani?"

"Ameneyo ayenera kuoneka! Ndiye mwini sewero!"

"Ooo." A Nogami anaweramuka. "Ndiye akulakwitsa kwambiri."

A Tsurumi anatsinzina n'kuyang'ananso kumwamba. Kunena zoona, nawonso anali atamutaya. Koma mayi ameneyu kuvomera? Anakokera kukamwa kamaikolofoni kolankhulira ndi amisiri a magetsi.

"Inu kumwambako! Muunikeni Aki ndi nyali zina khumi. Zazikulu!"

"Mukuunika nyali ndi nyali inzake, Aphunzitsi?"

"Khalani chete."

"Ndimangofuna kuphunzira. Kwathu ku Gifu tinkayamba tathimitsa."

"Kuno si ku Gifu! Imvani, a Nogami, ndipo mumvetsetse. Mukhala apa, pambali, pampando uwu. Pa siteji yanga sindifuna papezeke munthu amene sali m'sewero. Ngakhale mmodzi. Mwamva?"

"Sipapezeka munthu."

"Lumbirani."

"Aphunzitsi, pa siteji imene ine ndagwirapo ntchito sipanapezekepo munthu."

Yankho limeneli silinawakhazike mtima pansi a Tsurumi, koma kunja kunali kutamveka kale phokoso la mabasi ndi timawu mazana awiri tikulamulidwa kuyenda awiriawiri.

Itakwana 3 koloko, katani inatseguka. Awiriwa anaima pambali pa siteji, akusuzumira pakampata. Mathithi anakhuthuka, mwezi unatsika, achule agolide analumpha onse pakamodzi, ng'oma ndi malipenga zinagunda. Ana aja anangoti kukamwa yasa.

"Mwamva?" ananong'ona a Tsurumi, akuwagunda ndi chigongono. "Mwamva 'uwaaa' ameneyo? Kansungwi kanu kanabweretsapo 'uwaaa'?"

"Ayi. Kanga kamabweretsa chete."

"Chete! Wonyadira chete ndani?"

"Mayi Shiraki avala magalasi akuda."

"Bodza!"

Silinali bodza. Mayi uja anali atakhala pamzera wachitatu, wowongoka ngati ndodo, chikwama atachikumbatira pamaondo, magalasi a dzuwa ali kumaso.

"Ndi ukalamba," anatero a Tsurumi. "Maso awo ndi ofooka."

"Mwana wa pambali pawo wabisa mutu m'chipewa. Naye ndi ukalamba?"

Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inatha. 'Uwaaa' uja anayamba kuchepa, poti munthu sungadabwe ndi mathithi omwewo kwa theka la ola. Ana anayamba kutakataka m'mipando. Kenako kamtsikana kena kanaimirira n'kufunsa mokweza, mopanda ndi manyazi omwe, "Aki ali kuti?"

Funsolo linafalikira ngati moto wolusa. Anawa kabukuko ankakadziwa pamtima, amayi awo atawawerengera mpaka kutopa. "Aki ali kuti? Aki ali kuti?"

"Uyo ali apoyo!" a Tsurumi anatsala pang'ono kukuwa. "Ana amenewa ndi akhungu kodi?"

"Mundilozere, ndikawauze."

"Musasunthe!" Anakoka kamaikolofoni. "Mutsitseni Aki! Pansi, pafupi ndi mathithi, amuone!"

Kandege kaja kanatsika. Kanafika pamene madzi amawaza, kanazungulira ngati woledzera, kanatsokomola kawiri, kenako khuvu! m'dziwe. Chule wina wagolide anasiya kuvina n'kusuzumira m'madzimo.

"Wasamba," anatero a Nogami. "Zimenezinso m'buku mulibe."

"Kalanga ine! Kalanga ine!"

Ndipo tsoka lake, nyimbo yotsatira inali ija ya patsamba lomaliza, pamene nyama zonse zimaitana kuti, "Aki, yatsa!" Achule anaimba. Ana mazana awiri anathandizira ndi mphamvu zawo zonse. "Aki, yatsaaa!" Aki ali pansi pa madzi. Pamzera wachitatu, mayi Shiraki anayamba kumanga mabatani a jasi lawo.

A Tsurumi anawaona. Zaka ziwiri! Anatembenuka n'kugwira malaya akuda aja ndi manja onse awiri.

"A Nogami, chitanipo kanthu!"

"Munati pasapezeke munthu."

"Pasapezekedi munthu! Pitani!"

"Aaa, tsopano mwalankhula chomveka." Anatola kansungwi kawo. Kunsonga kwake kunali kanyali kochepa ngati njere ya mpunga. Anaponya phazi limodzi, n'kuima. "Koma pali vuto."

"Lotaninso?"

"Khoma. Ndavala zakuda, kumbuyo kuli kofiira. Ndioneka."

"Onekani, zilibe kanthu!"

"Ndinalumbira, Aphunzitsi."

"Ndakumasulani!"

"Sizimasulika. Mwina ndikasinthe? Mphindi zinayi."

"Tilibe mphindi zinayi! Akumanga batani lomaliza!"

"Ndiye ngati ine sindingafanane ndi khoma, khoma lifanane ndi ine."

A Tsurumi anawayang'ana. Anayang'ana khoma lawo.

"Inu kumwambako," anatero ndi mawu a munthu wodwala. "Thimitsani khoma."

Khoma linathima.

"Pitani!"

"Mwezi."

"Mwezi ayi! Mwezi unatitengera miyezi isanu!"

"Ukundiunika nsapato."

"Thimitsani mwezi."

"Mathithi ali ndi nyali pansi."

"A Nogami, mukundisenda wamoyo!"

"Ndingodikira."

"Tsekani mathithi! Thimitsani zonse! Zonse, ndati! Achule agone pansi!"

"Mmodzi akwanira."

"Pitaniii!"

Kansalu kanatsika. Nyali mazana asanu zinathima, ndipo m'holo monse munagwa mdima wa ndiweyani. Oimba, posaona mapepala awo, anasiya mmodzimmodzi, kunangotsala kachitoliro kamodzi ka munthu amene nyimboyo ankaidziwa pamtima. Mwana wina anayamba kulira. A Tsurumi anatseka maso, ngakhale kutseka ndi kutsegula zinali chimodzimodzi.

Ndiye kulira kuja kunaduka.

Anatsegula maso. Kutali, pakona ya siteji, kunali kadontho kachikasu. Kanayaka, kanathima, ngati kakuchita manyazi. Kanayakanso, n'kukwera pang'ono, n'kugwa, n'kuyesanso. Munthu ukanalumbira kuti kakupuma wefuwefu. M'holo munali chete woti ukanamva madzi otsala akudontha kumathithi. Kenako timawu mazana awiri tinanong'ona pamodzi, mopepesa, ngati tikuopa kukathawitsa, "Aki."

Kadontho kaja kanatsika pa siteji, kanadutsa pamwamba pa mzera woyamba, timanja tikukwera kukafikira. Palibe mwana ndi mmodzi yemwe anakuwa za agogo. A Tsurumi anayang'anitsitsa kufuna kuona a Nogami, mwamakani awo omwe aja, koma sanawaone. Anangozindikira kuti masaya awo anyowa, ndipo zinawakwiyitsa kwambiri.

Sewero litatha, ana akutuluka, a Nogami anabwerera pambali paja n'kukweza kansalu. Anapeza a Tsurumi atakhala pampando uja, pepala lodikira chidindo lili m'manja.

"Akubwera kuno," anatero a Tsurumi. "Ndawaona akukwera masitepe. Ndiwayang'ana bwanji? Ndinatenga kabuku kawo n'kukamiza m'dziwe ana akuona."

"Kabuku kali pano, n'kouma. Chimene chamira ndi kandege."

"Ndikanakonda nthaka ikanandimeza."

"Pali chitseko chapansi pakati pa siteji, koma achule aunjikapo zovala."

Ndodo ya mayi Shiraki inamveka pamasitepe, go, go, go. A Tsurumi anayang'ana kachikwama ka a Nogami.

"A Nogami... chakuda muli nacho china?"

"Ndimayenda ndi ziwiri."

Sindinaonepo munthu akuvala mwachangu chotero. Pamene mayi Shiraki ankatulukira pakatani, pambali pa siteji panali zinthu ziwiri zakuda zitanyonyomala pakhoma, tinsalu totsitsa, chimodzi chikupuma mokweza kuposa chinzake.

Tsono mayi Shiraki anali munthu woleredwa bwino, wakale, woonera zisudzo kuyambira ali kamtsikana. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, maso awo n'kudutsa pa zinthu zakuda zija ngati akudutsa pamphepo.

"Ha, palibe munthu," anatero, akuuza tebulo limene linali pamenepo. "Zachisoni. Ndimafuna kuwauza a Tsurumi kuti mphindi khumi zomaliza zija ndiye buku langa. Atandilonjeza kuti sewero lonse likhala choncho, ndikanadinda lero lomwe. Koma pepala silikuoneka, mwini wake sakuoneka. Basi, sitima yanga ndi ya 5 koloko."

Anatembenuka. Go, go.

Pansi pa kansalu, a Tsurumi anatsegula pakamwa kuti akuwe. Chigongono cholimba chinawagunda m'nthiti. Chala chakuda chinaloza pepala, chinaloza tebulo, chinaloza pansi.

Ndiye mayi uja wa nyali mazana asanu, amene ankaboola madenga, anakwawa ndi maondo, chammbali ngati nkhanu, mafupa akulira thethethe. Anaika pepala patebulo, naliwongola ndi zala, nabwerera chakumbuyo mpaka kugunda khoma ndi msana.

Mayi Shiraki anacheuka.

"Taonani, pepala labwera lokha," anatero, osaseka ngakhale pang'ono. Anatsegula chikwama, anatulutsa chidindo, anachiviika mu inki yofiira, n'kuchigwira m'mwamba. "Mwezi uja uchoke."

Chinthu chakuda chachiwiri chinagwedeza mutu.

"Mathithi achoke."

Chinagwedezanso, mochedwerapo.

"Chule atsale mmodzi. Wogona."

Chigongono chinagundanso. Mutu unagwedezeka.

"Mphepo ya muno ndi yaulemu," anatero mayi Shiraki. Anadinda, di! Anaweramira tebulo, natuluka.

Ndodo itasiya kumveka, a Nogami anakweza kansalu kawo, anatola kansungwi, nayamba kukapukuta ndi kansanza. A Tsurumi anadzuka n'kukumbatira pepala lija pachifuwa, atayiwala n'komwe kuti nkhope yawo ikadali yophimba.

"A Nogami! Adinda! Mwaona? Adinda! Imvani, zonse ndinanena dzulo zija ndabweza. Ndinalakwa, ndavomera, ndipo mawu amenewa simudzawamvanso kukamwa kwanga, ndiye muwasunge bwino. Mawa mubwere 9 koloko ndi kansungwi kanu. Mwamva? A Nogami! Ndikulankhula ndi inu!"

Nkhalamba ija inasiya kupukuta. Inayang'ana kumanja, inayang'ana kumanzere, inasuzumira ndi pansi pa tebulo pomwe.

"Zodabwitsa," inatero. "Ndikumva ngati wina akupepesa, koma pano palibe munthu."